Kugula masheya a makampani a memori pafoni uli ku Thyolo

Pali pulogalamu ina ya pafoni yomwe dzina lake layamba kumveka pakati pa aphunzitsi, makalaliki a m'maesiteti a tiyi ndi anthu obwerera kuchokera ku Joni kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, chifukwa imalola munthu kugula masheya a makampani a ku America ali khale pakhomo pake. Dzina lake sinditchula, popeza zina mwa zomwe ndinene pano ndi madandaulo, komanso mapulogalamu otere alipo angapo ndipo kachitidwe kake n'kofanana. Chomwe chakopa anthu kwambiri ndi gulu la masheya lomwe eni pulogalamuyi alisonkhanitsa pamodzi n'kuliika patsamba loyamba, la makampani anayi opanga ma chip a memori ndi zipangizo zosungira deta, omwe ndi Micron, SanDisk, Western Digital ndi Seagate. Uthenga womwe auika pamenepo ndi wakuti makina a AI, omwe ndi makompyuta otsanzira nzeru za munthu, akufuna memori yochuluka kuposa yomwe dziko lingapange, choncho wogula masheyawa lero sangalakwitse.

Ine ndinagwira ntchito yowerengera ndalama ku Johannesburg ndisanabwerere kwathu kufupi ndi Luchenza, ndipo akaunti yanga ya kubanki ya kumeneko ikadali yotsegula, n'chifukwa chake ndatha kuiyesa pulogalamuyi ndi ndalama zanga. Maganizo anga ndi akuti monga chida chogulira ndi kugulitsira masheya ndi yabwino ndithu, kuposa momwe ndinkayembekezera, koma monga mlangizi ndi yoopsa, chifukwa imaonetsa theka lokha la mbiri ya makampaniwa, pamene theka lomwe yabisalo ndi limene munthu wa ndalama zochepa ayenera kulidziwa asanatulutse ngakhale tambala.

Kulembetsa kwake kunapangidwira anthu okhala m'mizinda momwe misewu ili ndi mayina ndipo nyumba zili ndi manambala. Pasipoti anailandira popanda vuto, chiphaso cha unzika anachikana, koma pamene panavuta kwenikweni ndi pa umboni wa malo okhala. Amafuna bilu ya magetsi kapena ya madzi yosonyeza dzina la munthu ndi keyala ya nyumba yake, pamene ife magetsi timagula mayunitsi pafoni n'kulowetsa manambala pamita, ndipo madzi timatunga pampope wa m'mudzi womwe sutulutsa pepala lililonse. Ndinatumiza kalata ya amfumu yodinda chidindo chawo, yomwe kuno imalemekezedwa paliponse, koma yankho linabwera lakuti chikalatacho sachidziwa. Bokosi la ku positi ofesi nalonso analikana. Chomwe chinandipulumutsa ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambire pamenepo m'malo movutitsa amfumu. Chimodzi chomwe ndinayamikira ndi chakuti fomu ya msonkho ya boma la America yotchedwa W-8BEN, yomwe munthu amalengezerapo kuti si nzika ya dzikolo, imadzazidwira m'pulogalamu momwemo ndipo siitenga nthawi.

Nkhani yoika ndalama ndiyo imasiyanitsa anthu omwe ntchitoyi ingawathandize ndi omwe ingowakhumbiza. Pulogalamuyi siilandira kwacha, siilandiranso ndalama za pafoni zomwe tonse tinazolowera, imafuna madola, maranda kapena mapaundi ochokera ku akaunti ya kubanki yomwe ili m'dzina la mwini wake. Ndalama zakunja m'dziko muno zili pansi pa malamulo omwe amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo aliyense amene wapitako kubanki kukapempha madola zaka zino akudziwa kuti ngakhale oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala amadikira pamzere. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu akulakalaka kusunga chuma chawo m'madola, pakuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama m'buku la kubanki anaona thukuta lake likusungunuka. Komabe njira yogula madola kwa anyamata a m'misewu ya ku Limbe kapena a pachipata cha Muloza ndi yophwanya lamulo, ndiponso ngakhale tiike lamulo pambali, masamu ake sakhala bwino, chifukwa mtengo wa dola kumeneko wakhala ukuposa wa kubanki kuwirikiza kawiri. Munthu wogula dola pamtengo wotero, akadzabweza ndalama zake kudzera kubanki pamtengo wovomerezeka, sheya yake iyenera kukwera kawiri kuti angobwerera pamene anayambira. Pulogalamuyi siinena kanthu pa zimenezi, ndipo kunena chilungamo siinapangidwire ife, koma anthu omwe akuifalitsa kuno kuti alandire kangachepe pa aliyense wolembetsa kudzera mwa iwo amazidziwa bwino ndipo amangokhala chete.

Ukangolowa m'kati, zinthu zambiri zimayenda mosangalatsa. Sukakamizidwa kugula sheya yathunthu, ungagule kachidutswa ka madola ochepa, zomwe n'zofunika chifukwa sheya imodzi ya ena mwa makampaniwa yafika pamtengo woposa malipiro a pamwezi a anthu ambiri kuno. Pulogalamuyi siidya bandulo kwambiri, imatseguka ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo mwezi uliwonse imatulutsa sitetimenti yolongosoka yomwe wowerengera ndalama aliyense angakhutire nayo. Msika wa Nasdaq, komwe makampani anayi onsewa amagulitsidwa, umatsegulidwa 3:30 masana nthawi ya kuno n'kutsekedwa 10 koloko usiku, kupatula kuyambira Novembala mpaka Malichi pamene umatsegulidwa 4:30 n'kutsekedwa 11 koloko, chifukwa ku America amasintha mawotchi awo. Kwa munthu wapantchito nthawi imeneyi ndi yabwino, ngakhale kuti ndi nthawi yomweyo imene magetsi amakonda kuzima ndipo netiweki imadzadza. Apa m'pamene ndinaona kufunika kwa oda yokhala ndi malire, yomwe munthu amaneneratu mtengo womwe sakufuna kupyola. Madzulo ena a chiperoni ndinayima pakhonde foni ili m'mwamba, kachizindikiro kakungozungulira, ndipo pamene oda inadutsa mtengo unali utasuntha kale, koma popeza ndinali nditaika malire, oda inangodikira m'malo mondigulira modula. Chodandaulitsa n'chakuti batani lalikulu lobiriwira ndi la oda yogula pamtengo uliwonse womwe ulipo, pamene oda ya malire anaibisa pakona.

Mafotokozedwe a ntchito ya makampaniwa ndi olondola, ndipo pamenepa ndilibe dandaulo. Memori yomwe makina amagwiritsa ntchito poganiza imatchedwa DRAM, ndipo pafupifupi yonse padziko lapansi imapangidwa ndi makampani atatu okha, Samsung Electronics ndi SK hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku Boise m'chigawo cha Idaho ku America. Chiyambire pamene pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT inatulutsidwa mu Novembala 2022, makampani akuluakulu monga Microsoft, Amazon, Google ndi Meta akhala akumanga nyumba zikuluzikulu zodzadza ndi makompyuta, ambiri mwa iwo okhala ndi ma chip opangidwa ndi kampani ya Nvidia, ndipo Microsoft yokha inalengeza mu Januwale 2025 kuti m'chaka chake cha zachuma chimenecho igwiritsa ntchito madola pafupifupi 80 biliyoni pa ntchito yotereyi. Chip ya Nvidia, ngakhale ikhale yaliwiro bwanji, siingachite kanthu ngati deta ikuifikira mochedwa, n'chifukwa chake pambali pake amamatapo memori ya mtundu wapadera yotchedwa HBM, yomwe ndi timapepala ta DRAM tosanjikizana 8 kapena 12, tolumikizidwa ndi timabowo tating'onoting'ono todutsa m'kati mwake. Chip imodzi ya Nvidia yotchedwa H100 imanyamula magigabayiti 80 a memori yotereyi. Mfundo yomwe imakweza mitengo ndi yakuti, malinga ndi a Micron eni ake, kupanga HBM kumadya malo a m'fakitale pafupifupi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi memori wamba ya kuchuluka kofanana, choncho mafakitale akatembenukira ku HBM, memori ya m'mafoni ndi m'makompyuta a m'maofesi imachepa pamsika, mtengo wake n'kukwera. Micron inafika polengeza mu Disembala 2025 kuti ikusiya kugulitsa katundu wake wa Crucial, yemwe okonza makompyuta ambiri amamudziwa, kuti iike mphamvu zake pa ogula akuluakulu.

Makampani atatu otsala m'gulu lija ali kumbali yosunga zinthu kwa nthawi yaitali. SanDisk, yomwe dzina lake ambiri tinaliona pa timamemori khadi ta m'mafoni, imapanga memori ya NAND yomwe siitaya zomwe yasunga magetsi akazima. Western Digital inaigula mu 2016, kenako inaimasula mu Febuluwale 2025 kuti iziyima payokha pamsika. Western Digital yotsalayo ndi Seagate amapanga ma hard drive, zimbale zozungulira zomwe anthu ambiri ankaganiza kuti nthawi yake yatha, koma zapezanso msika chifukwa zithunzi, makanema ndi zolemba zomwe makina a AI amaphunzirirapo komanso zomwe amatulutsa ziyenera kusungidwa penapake pamtengo wotsika. Padziko lonse opanga zimbalezi atsala atatu, awiriwa ndi Toshiba ya ku Japan, ndipo Seagate yayamba kugulitsa zonyamula materabayiti 30 chimodzi.

Zonsezi ndi zoona, ndipo n'zoonanso kuti masheyawa anakwera modabwitsa mu 2025, moti ya Micron inawirikiza mtengo wake kupitirira katatu m'chaka chimodzi. Dandaulo langa lili pa chithunzi cha mzere wa mitengo chomwe chimakulandira ukatsegula tsamba la gululi. Mzerewo umayambira mu 2023 ndipo umangokwera, koma aliyense wodziwa malonda a memori akudziwa kuti 2023 chinali chaka cha pansi penipeni pa chigwa. M'chaka chake cha zachuma cha 2022 Micron inagulitsa katundu wa madola 30.8 biliyoni, mu 2023 inagulitsa wa madola 15.5 biliyoni okha, kutanthauza theka, ndipo inaluza madola 5.8 biliyoni. Chaka chomwecho SK hynix inaluza mawoni (ndalama ya ku South Korea) 7.7 thiliyoni pa malonda ake, pamene nthambi ya ma chip ya Samsung inaluza mawoni pafupifupi 15 thiliyoni. Kenako gudumu linatembenuka, Micron inagulitsa katundu wa madola 25.1 biliyoni mu 2024 ndi 37.4 biliyoni mu 2025, ndipo SK hynix inapeza phindu loposa mawoni 23 thiliyoni mu 2024. Kuyambitsa mzere pa chaka choipitsitsa ndi njira yakale yokometsera malonda, ndipo munthu amene sadziwa kuti pakona pali kabatani kakang'ono koonetsa zaka khumi sangaone zigwa zomwe zinalipo m'mbuyomo. Sangadziwenso kuti makampani ena sanatuluke m'zigwazo, monga Qimonda ya ku Germany yomwe inagwa mu 2009 ndi Elpida ya ku Japan yomwe inagwa mu 2012 n'kugulidwa ndi Micron chaka chotsatira. Opanga DRAM akuluakulu atsala atatu chifukwa anzawo ambiri anafera m'njira, ndipo omwe anali ndi masheya m'makampani akufawo sanatole kanthu.

Chomwe chimayambitsa kukwera ndi kutsika kumeneku sichovuta kumvetsa kwa munthu wa kuno amene akukumbukira za nandolo. Mvula itavuta ku India zaka ziwiri zotsatizana, mtengo wa nandolo unakwera mpaka mu 2016 aliyense ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe anadzala m'munda monse, ena mpaka kubwereka minda. India itakolola zochuluka, mu Ogasiti 2017 inaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo matumba anaunjikana m'nyumba, mavenda akutchula mitengo yonyoza, namfumwe akuchita zake. Nandoloyo anali wabwino monga kale, chomwe chinasintha ndi chakuti olima anachuluka nthawi imodzi pamene wogula wamkulu anali mmodzi. Memori nayonso ndi katundu wofanana kulikonse komwe wapangidwa, ndipo mtengo ukakwera makampani onse amayamba kumanga mafakitale, omwe amatenga zaka zingapo ndi mabiliyoni ambiri kuti athe, moti nthawi zambiri amayamba kutulutsa katundu pamodzi, panthawi yomwe ogula akhuta kale. Pakali pano Micron ikumanga ku Idaho ndipo inalengeza mu 2022 za mafakitale ena ku New York, SK hynix ikukuza ntchito yake ku Cheongju ndi ku Yongin, ndipo ku China makampani opanga memori a CXMT ndi YMTC akukula mothandizidwa ndi boma lawo.

Pali anthu anzeru omwe amati ulendo uno zinthu zasintha, ndipo mfundo zawo sindizipeputsa. HBM siigulitsidwa ngati katundu wa pamsika wamba, imapangidwa mogwirizana ndi wogula ndipo mapangano ake amasainidwa chaka chisanayambe, komanso opanga atatu okha savuta kudziletsa kusiyana ndi khamu lomwe linalipo kale. Ndikuvomereza kuti zimenezi zikhoza kutalikitsa nyengo ya phindu. Chomwe sindivomereza ndi momwe pulogalamuyi imatchulira gulu lake kuti ndi njira yomwazira chiopsezo, ngati kuti kugula makampani anayi kukuteteza kuposa kugula imodzi. Onse anayi amadalira ogula omwewo, makampani ochepa omwe akumanga nyumba za makompyuta, ndipo tsiku lomwe awiri kapena atatu mwa iwo adzanene kuti achepetsa ndalama zomangira, masheya onse anayi adzatsikira limodzi. Zizindikiro zinaoneka kale. Pa 27 Januwale 2025, nkhani ya kampani ya DeepSeek ya ku China itamveka yakuti yapanga AI yamphamvu ndi ndalama zochepa, sheya ya Nvidia inatsika ndi 17 peresenti tsiku limodzi ndipo a memori anatsika nayo. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, mu Disembala 2024, sheya ya Micron inali itatsika ndi 16 peresenti tsiku limodzi chifukwa chongonena kuti miyezi yotsatira malonda achepa. Amene anagula Micron pachimake mu Juni 2024 anali atataya zoposa theka la ndalama zake pofika Epulo 2025, m'kati mwenimweni mwa nyengo yomwe tikuitcha ya phinduyi. Amene anapirira anadzasangalala pambuyo pake, koma kupirira n'kosavuta kwa munthu amene sukulu fizi ya mwana siili m'ndalama zomwezo.

Palinso ndale, zomwe tsamba la gululi silitchula konse. Mu Meyi 2023 boma la China linaletsa katundu wa Micron m'ntchito zake zofunikira kwambiri, ndipo boma la America nalo lakhala likuletsa kugulitsa ku China ma chip apamwamba ndi makina owapangira. Chiganizo chimodzi chopangidwa ku Washington kapena ku Beijing chikhoza kusintha mtengo wa sheya usiku umodzi, ife tili m'tulo.

Chosowa china chachikulu n'chakuti pulogalamuyi siigulitsa masheya a pamsika wa ku Seoul ku South Korea, choncho SK hynix ndi Samsung mulibe m'gululi. Izi n'zachilendo pa gulu lomwe likudzitcha la memori ya AI, chifukwa SK hynix ndiyo inayamba kupanga HBM mu 2013 mogwirizana ndi kampani ya ma chip ya AMD, ndiyo yakhala ikutsogola pogulitsa memori imeneyi kwa Nvidia, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inapitirira Samsung pa malonda a DRAM, chinthu chomwe sichinachitike kwa zaka zambirimbiri. Njira yokhayo yomwe ndinaipeza ndi kugula thumba la masheya a ku South Korea lomwe limagulitsidwa ku New York, momwe makampani awiriwa ali ndi gawo lalikulu, koma pamenepo umagulanso mabanki ndi makampani a magalimoto omwe sunawafune.

Chinthu chomwe chinandikwiyitsa kwenikweni ndi mauthenga. Sheya ikakwera foni imalira, ndipo pansi pa uthengawo pamakhala chiitano chakuti ugule zochuluka ndi ndalama zobwereka kwa iwo. Pa masheya omwe angatsike ndi 16 peresenti tsiku limodzi, ngongole yotere ikhoza kumaliza munthu asanadzuke, chifukwa mtengo ukatsika kufika pamlingo wina kampaniyo imagulitsa yokha masheya ako kuti ibweze zake, osakufunsa. Mauthengawa amatheka kuzimitsa, koma pofika pamene pali pozimitsira uyenera kudutsa masamba angapo, pamene povomera ngongole ndi pongodina kamodzi.

Omwe akuyembekezera kulandira gawo la phindu chaka ndi chaka akhumudwa. M'chaka chonse cha 2025 Micron inapereka masenti 46 a dola pa sheya iliyonse, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa sheyayo, ndipo pa kangachepeko boma la America limadulapo 30 peresenti kwa munthu wa dziko lomwe lilibe pangano la misonkho ndi dzikolo, monga lathu lino, moti pa madola 10 alionse umalandira 7. Phindu la masheyawa lili pa kukwera kwa mtengo basi, kutanthauza kuti uyenera kudzapeza wina wokugula pamtengo woposa womwe unagulira. Ndalama zomwe pulogalamuyi imadula pogula ndi pogulitsa ndi zochepa ndipo imazionetsa poyera, koma imadya kwambiri posintha maranda kukhala madola ndi pobweza, pomwe mtengo womwe imagwiritsa ntchito umasiyana ndi wa pamsika ndipo kusiyanako sikulembedwa ngati chindapusa. Kutulutsa ndalama kunatheka popanda mkangano, zinafika ku akaunti yomwe zinachokera, ndipo sizingatumizidwe kwina kulikonse, zomwe ndi chitetezo chabwino pa akuba koma ndi chopinga kwa amene anagwiritsa ntchito akaunti ya m'bale wake.

M'zikalata zawo alemba kuti masheya amasungidwa ndi kampani ya ku America yomwe ili pansi pa bungwe la SIPC, lomwe limateteza wogula mpaka madola 500,000 ngati kampani yosungayo itagwa. Ofalitsa pulogalamuyi kuno amatchula nambala imeneyi ngati kuti ndi inshulansi ya ndalama zako zonse, pamene chitetezocho sichikhudza kutsika kwa mtengo wa sheya ngakhale pang'ono. Nkhani ina yomwe ndinafunsa ndi ya chuma cha masiye, popeza m'pulogalamumu mulibe polemba dzina la wolowa m'malo. Wothandiza makasitomala, yemwe anandiyankha mwaulemu koma m'Chingerezi chokhachokha ndiponso patapita nthawi, anati mwini akaunti akamwalira abale ayenera kutumiza zikalata za kukhoti zotsimikizidwa, ndipo anawonjezera kuti America imadula msonkho pa chuma cha mlendo womwalira chikaposa madola 60,000. Ambiri a ife sitidzafika pamenepo, koma tikudziwa momwe nkhani za chuma cha masiye zimavutira ngakhale pa munda womwe aliyense akuuona ndi maso, nanji ndalama zomwe zili m'foni yokhoma ndi nambala yachinsinsi, zomwe mwina mayi a kunyumba sakuzidziwa n'komwe. Wotsegula akaunti yotere alembe wilo ndipo aitchulemo.

Alamu anga, omwe ndi msungichuma wa banki m'khonde ya kwawo ku Chitakale, anandipeza tsiku lina ataona mzere wokwera uja pafoni ya mphunzitsi wina. Anati, "Alamu, gulu lathu lili ndi kangachepe komwe kangokhala m'bokosi, bwanji mutigulireko zimenezi kudzera ku akaunti yanu ya ku Joni, tidzagawane mu Disembala?" Ndinawayankha kuti, "Alamu, mawu akuti Disembala ndiwo akundiopsa, chifukwa tsiku logawana likafika mudzayenera kugulitsa pamtengo uliwonse womwe mudzaupeze, ndipo amayi omwe akudikira ndalamazo kuti agule feteleza sadzamva zoti tidikire chaka china." Panalinso vuto lakuti masheyawo akanakhala m'dzina langa, osati la gulu, ndipo chibale chimatha pa zinthu zazing'ono kuposa zimenezi. Ndinawauza kuti ngati gulu likufunadi masheya, msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre ulipo, komwe kuli makampani monga National Bank of Malawi, Illovo, Press Corporation, TNM ndi Airtel Malawi, ogulidwa ndi kwacha kudzera mwa ogulitsa masheya ovomerezeka, ndipo dzina la mwini limalembedwa m'kaundula wa kuno. Kumeneko nakonso mitengo imakwera ndi kutsika, ndipo nthawi zina wogula amasowa pamene ukufuna kugulitsa, koma ndi makampani omwe shuga wake timamwera tiyi ndipo malipoti ake amatuluka m'nyuzipepala zathu.

Munthu amene pulogalamuyi ingamuthandize ndi amene ali kale ndi ndalama zakunja zopezeka m'njira yovomerezeka, monga wogwira ntchito ku Joni kapena ku UK, kapena wolipidwa ndi makampani akunja, amene angathe kuziiwala ndalamazo kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndiponso amene angaone theka lake litasowa osagulitsa mwamantha. Ngakhale kwa woteroyo, ndingakonde kuti masheya a memori akhale gawo laling'ono la zomwe ali nazo, ogulidwa pang'onopang'ono m'miyezi yosiyanasiyana m'malo mothira zonse tsiku limodzi. Ine ndasunga akaunti yanga, ndazimitsa mauthenga, ndipo gulu lokonzedwa kale lija sindiligwiritsa ntchito.

Zomwe zimathandiza kudziwa pamene gudumu lafika zilimo m'pulogalamumu, kungoti zili pansi penipeni pa tsamba la kampani iliyonse, pomwe pali malipoti a miyezi itatu iliyonse. Micron imatseka chaka chake cha zachuma kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo imatulutsa malipoti mu Seputembala, Disembala, Malichi ndi Juni, patsogolo pa anzake ambiri, choncho msika wonse umatchera khutu kwa iyo. Malipotiwo amatuluka msika utatsekedwa, kutanthauza pakati pa usiku kuno, ndipo pofika m'mawa mtengo umakhala utasuntha kale, moti kuthamangira kugula kapena kugulitsa pa nkhani ya usikuwo n'kungodzivutitsa. Ine ndimayang'ana kuchuluka kwa katundu yemwe wakhala m'nkhokwe osagulidwa, ndalama zomwe kampani ikuika pomanga mafakitale atsopano, ndi phindu lomwe ikupeza pa dola iliyonse ya malonda. Kenako kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, ndi kumapeto kwa Epulo, Julayi ndi Okutobala, ndimawerenga zomwe Microsoft, Google ndi Meta anena pa ndalama zomwe akufuna kugwiritsa ntchito pomanga m'miyezi ikubwerayo, chifukwa malipiro a makampani anayi a m'gulu lija amachokera m'matumba amenewo.